"Etiquette": Kapepala Kamene Kadasanduka Lamulo

Munthu amene waima pamzere pa siteshoni ya basi ku Limbe, atafumbata tikiti m'manja, wagwira mbale wake weniweni wa liu lina lolemekezeka kwambiri m'Chingerezi. Liu lakuti tikiti lidaloŵa m'Chicheŵa kuchokera ku Chingerezi, ndipo Angerezi nawonso adachita kulitola kwa Afalansa m'zaka zoyambirira za m'ma 1500. Patapita zaka zoposa 200, Angerezi adabwereranso ku chitsime chomwecho nakatunga liu lomwelo kachiŵiri. Ulendo umenewu adalitenga lathunthu, osalidula mutu, ndipo lidafika litavala za ku nyumba yachifumu. Liu limeneli ndi "etiquette".

Mabuku otanthauzira mau amati "etiquette" ndi malamulo a kachitidwe koyenera pakati pa anthu, kaya pa phwando, pa ukwati, pa maliro, pamaso pa mfumu, kapena pakati pa anthu a ntchito imodzi. Womasulira wofulumira angalembe kuti ndi ulemu, nkupitirira. Koma ulemu umakhala mumtima mwa munthu ndipo amayenda nawo kulikonse, pamene "etiquette" imakhala pamalo: munthu amaipeza pakhomo poloŵa naisiya pomwepo potuluka. Liu lakuti mwambo likuyandikirako, ngakhale kuti mwambo umafika mpaka kwa makolo ndi mizimu, kumene liu la Chingerezi limeneli silifikako. Munthu wamtima wabwino angathe kuswa "etiquette" kasanu pa chakudya chimodzi, pamene munthu wanjiru angaisunge yonse osaphonya ndi kamodzi komwe, nachititsa nayo mnzake manyazi. Kusiyana kumeneku kudabadwa pamodzi ndi liulo.

M'Chifalansa chakale, "estiquette" chidali chinthu chozikidwa kapena chomatidwa penapake: poyamba kamtengo kozikidwa pansi kuti anthu azilozapo poseŵera, pambuyo pake kapepala komangiriridwa pa katundu kuti kanene mwini wake ndi zam'kati mwake. M'makhoti a ku France mapepala a mlandu uliwonse ankasungidwa m'thumba lakelake, ndipo kapepala kokhala ndi maina a oimbana mlandu, komangidwa pa thumbalo, ndiko kankatchedwa ndi dzina limeneli. Tanthauzo loterolo silidafe. Kufikira lero Mfalansa amatcha kapepala ka mtengo wa katundu m'sitolo "étiquette", ndipo wolankhula Chipwitikizi ku Tete kapena ku Beira amati "etiqueta". Ntchito ya kapepalako ndi imodzi basi, ndiyo kunena kuti chinthu ichi nchiyani ndipo malo ake ndi ati. Chimene chidachitika m'nyumba zachifumu za ku Ulaya nchakuti anthu adayamba kuikidwa m'malo awo monga momwe matumba a milandu ankaikidwira.

Nkhaniyo idayambira ku Burgundy. Lero dzina limeneli ndi la chigawo chabe cha France, koma m'zaka za m'ma 1400 olamulira ake adali ndi mizinda ya nsalu ndi malonda ya ku Flanders, ndipo adali olemera kuposa mafumu ambiri. Iwo eni sadali mafumu. Adali ndi udindo wa Duke, wotsikirapo pa ufumu, ndipo chimene chidaperewera pa dzina adachikwaniritsa ndi ulemerero wa pabwalo pawo. Zonse zidalembedwa: wonyamula buledi ndani, woyamba kulaŵa vinyo kuopa chiphe ndani, woima kudzanja lamanja ndani. Mu 1474 Olivier de la Marche, mmodzi wa akulu oyang'anira nyumba ya Charles the Bold, adalemba dongosolo lonselo kuti Edward IV wa ku England atengereko.

Mdzukulu wa mwana wa Charles the Bold, Charles V, amene adabadwira ku Ghent mu 1500, adadzakhala mfumu ya Spain. Mu 1548 adalamula kuti mwana wake Philip ayambe kutumikiridwa monga mwa mwambo wa ku Burgundy, ndipo izi zidayamba pa 15 August ku Valladolid. Akuluakulu a ku Castile adang'ung'udza, popeza mwambo wachilendowo unkadya ndalama zambiri ndipo unkaika mfumu kutali ndi anthu ake, koma mwambowo udakhazikika ndithu. Kumeneko nkumene tanthauzo latsopano la liulo lidakhwimira. Malamulo olembedwa a m'nyumba ya mfumu ankatchedwa "etiquetas", ndipo pakati pa 1647 ndi 1651 nduna za Philip IV zidakhala pansi nkuwasonkhanitsa onse pamodzi. Kuuma kwa malamulo ameneŵa kudamveka mu Ulaya monse, kotero kuti Afalansa ankasimba kuti Philip III adadwala nkumwalira mu 1621 chifukwa chopsa ndi mbaula imene idaikidwa pafupi naye, poti nduna yokhala ndi udindo wosuntha mbaula idali itachokapo ndipo panalibe wina woyenera kuikhudza. Olemba mbiri saivomereza nkhaniyi monga chimene chidapha mfumuyo, koma kufala kwake kukusonyeza mmene anthu ankaonera bwalo la ku Madrid.

Kuti zimenezi sizidali zoseŵera zidaonekera ku London pa 30 September 1661. Tsiku limenelo kazembe watsopano wa ku Sweden adafika, ndipo mwa chizoloŵezi akazembe ena adatumiza ngolo zawo zokokedwa ndi akavalo kukamchingamira pafupi ndi Tower of London. Funso lidali lakuti ngolo yotsata pambuyo penipeni pa mlendoyo idzakhala ya France kapena ya Spain. Mbali zonse ziŵiri zidabwera ndi zida. Samuel Pepys, amene adali m'tauni tsiku limenelo, adalemba kuti anthu a kazembe wa Spain adalimbitsa zingwe za akavalo awo ndi maunyolo achitsulo kuti zisadulidwe. Iwo adapha akavalo a Afalansa, anthu angapo adafa, ndipo ngolo ya Spain idatenga malowo. Louis XIV wa ku France, mnyamata wa zaka 23, adapirikitsa kazembe wa Spain naopseza apongozi ake, Philip IV, ndi nkhondo, kufikira mu March 1662 pamene nthumwi ya Spain idadzapepesa ku Paris pamaso pa akazembe onse. Mkangano wa mtundu umenewu udatha mu 1815, pamene msonkhano wa ku Vienna udagwirizana kuti akazembe a udindo wofanana azitsogozana potsata tsiku limene aliyense adafika pa ntchito, osati kukula kwa dziko lake. Liu limene akazembe amakonda, lakuti "protocol", nalonso nlochokera ku pepala lomata: m'Chigiriki lidali tsamba loyamba lomatidwa kumayambiriro kwa mpukutu.

Louis XIV yemweyo ndiye adasandutsa "étiquette" kukhala chida cholamulira dziko. Amai ake ndi mkazi wake onse adali ana a mafumu a ku Spain, ndipo France idali kale ndi miyambo yakeyake, koma phunziro lalikulu adalitenga ali mwana. Pakati pa 1648 ndi 1653 dzikolo lidagwedezeka ndi zipanduko zotchedwa Fronde, zimene zina zidatsogozedwa ndi akalonga a magazi achifumu, ndipo usiku wina mu January 1649 mfumu ya zaka 10 idathaŵitsidwa mu Paris mobisa. Itakula sidaiŵale. Mu 1682 idasamutsira boma ku Versailles, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Paris, ndipo kalonga aliyense wofuna kanthu adayenera kukakhala kumeneko.

Ku Versailles tsiku la mfumu lidagaŵidwa monga nyama ya ku uzimba, chiŵalo chilichonse ndi mwini wake. Mfumu inkadzutsidwa cha m'ma 8 koloko m'maŵa. Oyamba kuloŵa m'chipinda adali madokotala ndi a m'banja, kenaka akuluakulu a maudindo a m'nyumba, kenaka ena ndi ena, gulu lililonse panthaŵi yake, kufikira chipindacho chitadzaza ndi anthu oonerera munthu mmodzi akuvala. Malaya a m'kati ankaperekedwa ndi munthu wamkulu koposa onse amene adalipo. Madzulo, pokagona, mfumu inkasankha munthu mmodzi woti agwire choikapo kandulo, ndipo pofika m'maŵa nyumba yonse idali itamva dzina lake. Pa chitseko sankagogoda ai, ankachita kukanda ndi chikhadabo. Ngakhale kukhala pansi kudali ndi malamulo ake. Pamaso pa mfumu ndi mfumukazi mpando wokhala ndi mikono udali wa mafumu okha. Akazi a ma-Duke adali ndi ufulu wokhala pa kampando kopanda choyedzamira, kotchedwa "tabouret". Akazi ena, ngakhale okalamba ndi olemera, ankangoima chiimire. Mabanja adadana zaka zambiri chifukwa cha kampando kameneka. Duke wa Saint-Simon, munthu wanzeru amene adasiya mabuku ambiri a zimene adaona ku Versailles, adataya mphamvu zake zochuluka pa mkangano wakuti kodi mkulu wa bwalo la milandu la Paris ayenera kuvula chipeŵa polankhula ndi ma-Duke kapena ai.

Nkosavuta kuseka zimenezi, koma anthuwo sadali zitsiru. Maudindo a usilikali, maudindo a mu mpingo, ndalama za chaka ndi chaka, ngakhale maukwati abwino a ana, zonse zinkatuluka m'manja mwa mfumu, ndipo wofuna kupempha adayenera kuoneka. Saint-Simon akusimba kuti wina akapempherera munthu amene sankabwera ku Versailles, mfumu inkangoyankha kuti munthuyo simuona, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Motero ana ndi adzukulu a anthu amene adatsogolera magulu a nkhondo polimbana ndi mfumu adakalamba akulimbirana kandulo. Norbert Elias, m'buku lake la 1969 lonena za moyo wa pabwalo la mfumu, adaonetsa kuti msampha umenewu udakola ndi mwini wake yemwe, pakuti mfumu sikadatha kusintha kanthu kakang'ono popanda kulanda wina ulemu umene makolo ake adauvutikira.

Amene adamva kuŵaŵa kwa msamphawo adali mtsikana wa ku Austria, Marie Antoinette. Mu May 1770, ali ndi zaka 14, adaperekedwa kwa Afalansa pa kachilumba ka mu mtsinje wa Rhine pafupi ndi Strasbourg, nasiyana pomwepo ndi anthu a kwawo amene adamperekeza. Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, koma mtsikanayo sadazoloŵere. Mai wamkulu amene adapatsidwa kuti amlangize, Comtesse de Noailles, adamutcha dzina lachipongwe lakuti "Madame Étiquette". Madame Campan, amene ankamtumikira, adalemba za m'maŵa wina m'nyengo yozizira, mfumukazi itavula nkumayembekeza malaya a m'kati. Mai woyenera kupereka malayawo atangowalandira, kudamveka kukanda pachitseko: adali Duchesse d'Orléans, wamkulu kuposa iye, ndipo malaya adayenera kubwezedwa kuti aperekedwe kwa iyeyo. Asadapereke, kudamvekanso kukanda: adali mkazi wa mng'ono wake wa mfumu, wamkulu kuposa onse. Nthaŵi yonseyi mfumukazi ya France idali chiimire, manja ali pachifuwa, ikunjenjemera. Pambuyo pake idayesa kuchepetsa miyambo yotere, ndipo akazi amene adataya nayo maudindo adasanduka adani ake.

Mu May 1789, boma litasoŵa ndalama, Louis XVI adaitanitsa msonkhano wa nthumwi za dziko lonse, umene udali usadakumane chiyambire 1614. Oyendetsa mwambo adafukula mabuku akale. Nthumwi za akalonga zidavala mikanjo yokongoletsedwa ndi golide ndi zipeŵa za nthenga, pamene nthumwi za anthu wamba, pafupifupi 600, ambiri a iwo maloya ndi anthu ophunzira, zidalamulidwa kuvala zakuda zopanda chokometsera. Pa 5 May mfumu itatha kulankhula idavala chipeŵa, akalonga nawonso adavala monga mwa ufulu wawo, ndipo ena mwa anthu wamba, amene sadaloledwe kutero, adavalanso zawo. M'nyumbamo mudamveka phokoso. Mfumu idathetsa nkhaniyo povulanso chipeŵa chake, kuti onse avule. Patangotha milungu 10 ndende ya Bastille idagwa. Marie Antoinette adadulidwa mutu mu October 1793, ndipo "Madame Étiquette" adamtsatira mu June 1794, tsiku limodzi ndi mwamuna wake.

Pamene izi zinkachitika nkuti liulo litaoloka kale nyanja. Angerezi sadali osoŵa mau a khalidwe labwino. Adali ndi "manners", "civility", "politeness", ndiponso "courtesy", limene nalonso lidachokera ku bwalo la mfumu koma lidali litatsika kale nkuloŵa mumtima, nkumatanthauza kuganizira mnzako. Chimene adalibe ndi dzina la lamulo limene munthu amalitsata popanda chifukwa china koma chakuti malowo akutero. Amodzi mwa malo oyambirira kumene "etiquette" ikupezeka m'Chingerezi ndi kalata ya mu 1750 imene Lord Chesterfield adalembera mwana wake Philip Stanhope, amene panthaŵiyo adali ku Rome. Bamboyo adauza mnyamatayo kuti akaonekere kwa Papa, ndipo ngati "étiquette" ya kumeneko ikufuna kuti ampsompsone nsapato, achite osazengereza. Kwa Mngerezi wa Chiprotestanti wa masiku amenewo kameneka sikadali kanthu kakang'ono, ndipo mpamene pakuonekera ntchito ya liu latsopanolo. Likulola munthu kuchita chinthu ndi thupi mtima wake uli kwina, popanda kudzimva kuti wanama.

Chesterfield adalembera mwanayo, amene adabadwa kunja kwa ukwati mu 1732, makalata mazanamazana kwa zaka pafupifupi 30, kumphunzitsa kaloŵedwe ka m'chipinda, kagwiridwe ka mpeni, kabisidwe ka maganizo, ndi mmene angakondweretsere anthu amene angamkweze. Mnyamatayo adakula wamanyazi ndipo sadafike patali. Phunziro limodzi lokha ndilo adaligwira bwino, lobisa zakukhosi: atamwalira mu 1768, bambo wake adadzidzimuka kumva kuti adali ndi mkazi, Eugenia, ndi ana aamuna aŵiri. Chesterfield atamwalira mu 1773, mkazi wamasiyeyo adagulitsa makalatawo, ndipo adasindikizidwa mu 1774. Anthu adawagula kwambiri nawanyozanso kwambiri. Samuel Johnson, amene adali ndi chakukhosi chakale chifukwa Chesterfield adamnyalanyaza pamene ankalemba buku lake lotanthauzira mau, adafanizira chiphunzitso cha makalatawo ndi cha mkazi wadama, ndi ulemu wake ndi wa mphunzitsi wa magule. M'buku la Johnson la 1755 liu lakuti "etiquette" mulibe. John Walker adaliloŵetsa m'buku lake la 1791, poona kuti lidali litakhazikika kale pakamwa pa anthu. Chiyambire pamenepo Angerezi akhala akulisunga liuli uku akulikayikira. Sadasinthe kalembedwe kake kachifalansa, ngati kuti akufuna lizikumbukiridwa kuti ndi mlendo.

Nyengo yake yeniyeni idafika m'zaka za m'ma 1830. Mafakitale a ku Manchester, Leeds ndi Birmingham adali atalemeretsa anthu amene makolo awo adali osula ndi oluka nsalu, ndipo lamulo la 1832 lidapatsa ambiri a iwo mphamvu yosankha aphungu. Ndalama adali nazo, koma zitseko za mabanja akale sizinkatseguka ndi ndalama zokha. Pamenepo padabuka mtundu watsopano wa timabuku. Mabuku akale a khalidwe, monga la Erasmus la 1530 lolangiza ana, ankasakaniza kadyedwe ndi kuopa Mulungu. Atsopanoŵa adasiya za mtima nkungondandalika malamulo. Kabuku ka 1834 kotchedwa Hints on Etiquette and the Usages of Society, kamene kadasindikizidwa kambirimbiri, kadanena poyera kuti "etiquette" ndi mpanda umene anthu apamwamba amadzitchinga nawo kuti osayenera asaloŵe. Chodabwitsa nchakuti kabukuko kankagulidwa ndi anthu omwewo amene mpandawo udamangidwira, ndipo iwo akangophunzira malamulo, am'kati ankayambitsa ena.

Kapepala kaja kadabweranso, tsopano ngati khadi la dzina. Mai wokwatiwa wofuna kudziŵana ndi banja lina ankapita pa ngolo nkusiya makhadi atatu kwa wantchito wa pakhomo, limodzi lake ndi aŵiri a mwamuna wake. Kupinda ngodya ya khadi kunkasonyeza kuti mwini wake adafika yekha, sadachite kutuma. Ngati a m'nyumbamo abweza khadi lawo, njira yatseguka. Ngati sabweza, yankho laperekedwa popanda liu ndi limodzi lomwe. Kucheza kotchedwa kwa m'maŵa kunkachitika masana, ndipo mlendo waulemu sankapitirira mphindi 15. Wantchito akanena kuti adona kulibe, onse ankadziŵa kuti mwina ali m'chipinda cham'mwamba akusuzumira pa zenera, koma limeneli silinkaŵerengedwa bodza. Pa tebulo, chakudya chitayamba kubwera mbale imodziimodzi m'malo moikidwa chonse pamodzi, mipeni ndi mafoloko zidachuluka, ndipo kutola foloko yolakwika kudali kuulula kumene munthu adachokera. Mkazi wamasiye ankayembekezeka kuvala zakuda zaka ziŵiri, pamene mwamuna wofedwa mkazi ankamasuka msanga. Lewis Carroll, asadatchuke ndi nkhani za Alice, adalemba mu 1855 timalamulo tachipongwe ta kadyedwe ka pa phwando, kuseka timabuku timeneti.

Padalinso kagwiritsidwe kena ka liuli kamene kadakhudza miyoyo ya anthu koposa mafoloko. Madokotala ndi maloya adayamba kutcha malamulo a pakati pawo "etiquette". Mu 1803 Thomas Percival adatulutsa buku la malamulo a madokotala, limene lidabadwa pa mkangano wa madokotala a pa chipatala cha ku Manchester. Adalitcha Medical Ethics, koma mbali yaikulu ya zam'kati mwake idali yonena za mmene dokotala ayenera kukhalira ndi dokotala mnzake: wamng'ono ayambe kunena maganizo ake wamkulu asadalankhule, wina asalande wodwala wa mnzake, kusiyana maganizo kusatuluke m'chipinda chokambiranamo. Zimenezi zidachepetsa mikangano, ndipo wodwala adapindula nazo ndithu, koma zidathanso kubisa zolakwa. Bernard Shaw, m'seŵero lake la 1906 lonena za madokotala, adaneneza magulu onse a ntchito zotere kuti amapangana chiŵembu pa anthu wamba. Ku England loya wotchedwa barrister sankalandira mlandu kuchokera kwa mwini wake; munthu ankayenera kudzera kwa loya wina, solicitor, nalipira onse aŵiri. Limeneli silidali lamulo la nyumba ya malamulo, lidali la "etiquette" ya maloya, ndipo lidafeŵetsedwa mu 2004.

Kagwiritsidwe ka liuli m'chiganizo kakusunga mbiri yomweyi. Mwa nthaŵi zonse silichulukitsidwa, ndipo silidabale mneni kapena mfotokozi. Mngerezi anganene kuti munthu ndi "polite" kapena "courteous", koma palibe njira yotchulira munthu ndi "etiquette", chifukwa si khalidwe la munthu. Kaŵirikaŵiri limayenda ndi dzina la malo kapena la chochitika, monga ukwati, ofesi, telefoni, bwalo la gofu, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu olemberana pa makompyuta adapanga lawolawo, "netiquette". Wolakwira "etiquette" amanenedwa ndi liu lakuti "breach", lomwe limanenedwanso pa kuswa pangano kapena kuboola linga. Wophunzira Chingerezi amene afuna kuyamika mwana woleredwa bwino ayenera kutchula "manners". Akati mwanayo ali ndi "etiquette", Mngerezi adzamva ngati akunena za mwana amene waloŵeza buku.

Ku America, Emily Post adayesa kulumikizanso liuli ndi mtima. Buku lake lalikulu la 1922, lotchedwa Etiquette, lidagulidwa kwambiri, makamaka ndi anthu ongolemera kumene ndi ana a anthu obwera kuchokera ku maiko ena, ndipo iye ankabwereza kunena kuti maziko a malamulo onse ndi kuganizira ena. M'mau oyamba a bukulo, olembedwa ndi Richard Duffy, muli nthano imene ikusimbidwabe kufikira lero, yakuti wolima maluŵa wa ku Versailles adazika timatabwa toletsa akalonga kuponda kapinga, ndipo mfumu idalamula kuti onse aziyenda motsata timatabwato. Nthanoyi njokoma, koma nduna za ku Madrid zidali zitalemba kale "etiquetas" zawo minda ya ku Versailles isadalimidwe.

Ku England chotsalira chachikulu cha mwambo wa pabwalo la mfumu chidali kuonetsa atsikana a mabanja apamwamba kwa mfumu akafika pa msinkhu wokwatiwa. Mtsikana sankadzipereka yekha. Ankaperekedwa ndi mai amene iyenso adaonetsedwapo kale, ndipo pempho linkapita kwa nduna yotchedwa Lord Chamberlain. Pofika m'zaka za m'ma 1950 zidadziŵika kuti akazi ena a maina akulu koma a matumba opepuka ankalandira ndalama mobisa kuti apereke ana a anthu olemera amene sadawadziŵe nkomwe. Mu 1957 nyumba yachifumu idalengeza kuti chaka chotsatira chidzakhala chotsiriza. Mu March 1958 atsikana pafupifupi 1,400 adaloŵa ku Buckingham Palace m'masiku atatu, ambiri a iwo atalipira aphunzitsi a magule kuti aŵaphunzitse kupinda maondo osagwa, kumene Angerezi amati "curtsy", chidule cha "courtesy". Aliyense adanyamula khadi lolembedwa dzina lake. Pakhomo la chipinda chachifumu khadilo linkalandiridwa nkupatsirana kufikira kwa Lord Chamberlain, amene ankaŵerenga dzinalo mokweza. Mtsikana ankapinda maondo pamaso pa Elizabeth II, nasendera pambali pang'ono, napindanso pamaso pa Duke wa Edinburgh, kenaka nkutulukira khomo lina kukamwa tiyi.